Galimoto ikuchedwa kuposa za m'magazini a 1970: yambani ndi kapepala ka nthawi, injini isiyeni kaye

Pali dandaulo limodzi losatha pakati pa okonda magalimoto akale amphamvu a ku America, aja amawatcha muscle car, opangidwa kuyambira cha m'ma 1964 mpaka 1971. Munthu ali ndi Chevelle SS 454, kapena Road Runner, kapena Mustang ya 428 Cobra Jet. Waikonza bwinobwino, ndalama zalowapo zosaneneka. Wapita nayo ku bwalo la mpikisano wa drag, kumene magalimoto awiri amanyamuka ali chiimire n'kuliyatsa liwiro mumsewu wowongoka wa mafiti 1,320, omwe ndi mamita 402. Magazini a nthawi imeneyo ankati galimoto ya mtundu wakewo imatha mtundawu m'masekondi 13 ndi kadontho. Yake yatenga 14.8. Buick ya mnzake, imene pa pepala ili ndi mphamvu zochepa, yamusiya kutali. Sabata inayo wabwereranso asanagwire ngakhale bawuti imodzi, ndipo galimoto yomweyo yatenga 14.4. Apa mutu umaima.

Ambiri amathamangira kwa makaniko kuti injini itsitsidwe, aikemo camshaft yaukali, kabureta yaikulu, ekizozi yatsopano. Ine zimandimvetsa chisoni kuona injini yabwinobwino ya zaka zoposa 50, yokhala ndi manambala ake a ku fakitale, ikuphwasulidwa pa mlandu womwe si wake. Kawirikawiri wolakwa amakhala tayala, sipuling'i, phazi la dalaivala, mpweya wa tsikulo, kapenanso nambala ya m'magazini imene mukudziyerekeza nayoyo. Umboni wake amakupatsani m'manja mukangomaliza kuthamanga.

Kapepala ka nthawi

Pobwerera kumene mwaimika magalimoto, mumadutsa pakanyumba pomwe amakupatsirani kapepala kaja amati timeslip. Anthu ambiri amangoyang'ana ET, nthawi ya mtunda wonse, n'kukapinda kukaika m'thumba. Koma pakapepalapo pamakhalanso nthawi imene munachedwa kunyamuka getsi lobiriwira litayaka, nthawi ya mafiti 60 oyamba, ya 330, ya 660 pamodzi ndi liwiro lake, ya 1,000, ndiye kumapeto ET ndi liwiro lomalizira, lomwe amaliyeza pa mafiti 66 otsiriza.

Nambala ya kuchedwa kunyamuka ija iikeni pambali. Wotchi ya ET imayamba kuwerenga tayala lakutsogolo likachoka pa kuwala kwa pamzere woyambira, osati getsi likabiriwira. Mutha kukhala masekondi awiri getsi litayaka kale, mpikisano mugonja ndithu, koma ET yanu sisintha. Choncho mnzanu akafika patsogolo panu, sizikunena kuti galimoto yake ndiyo yachangu. Yerekezani timapepala, osati zimene maso anaona.

Manambala ofunika ndi awiri. Liwiro lomalizira limakuuzani mphamvu ya injini molingana ndi kulemera kwa galimoto, ndipo silisintha kwenikweni ngakhale munyamuke moipa chotani. Nthawi ya mafiti 60 imakuuzani mmene matayala anagwirira pansi. Mukaphunzira kuwerenga awiriwa limodzi, mumadziwa mbali ya galimoto yoti mukagwadepo, kutsogolo kapena kumbuyo.

Pali kasamu kena kamene ochita mpikisanowu amakadziwa ndi dzina la Patrick Hale. Tengani liwiro lomalizira m'mamailosi pa ola, muligawe ndi 234. Yankholo mulichulukitse ndi ilo lomwe, zimene mwapezazo muzichulukitsenso ndi yankho loyamba lija, kenako muchulukitse ndi kulemera kwa galimoto m'mapaundi, dalaivala ali momwemo. Galimoto ya mapaundi 3,800 ikamaliza pa mamailosi 105 pa ola, ndiye kuti ikutulutsa horsepower pafupifupi 343. Si nambala yoti mungalumbirire, koma imathandiza kwambiri poyerekeza galimoto ziwiri, kapena galimoto imodzi isanakonzedwe ndi itakonzedwa.

Kasamu kachiwiri n'kosavuta. Gawani 1,320 ndi liwiro lomalizira, mupeza ET imene galimotoyo ikanatenga matayala akanagwira pansi popanda kuterereka n'komwe. Pa 105 ndi masekondi 12.6. Pa matayala a mumsewu a mtundu wakale, yembekezani kuchedwerapo ndi pafupifupi sekondi imodzi. Tsono ngati kapepala kanu kakuti 14.8 pa liwiro la 104, injini ilibe mlandu, nthawi mwaitayira pamzere woyambira. Kakamati 14.8 pa liwiro la 93, ndiye kuti mphamvu ikusowadi, ndipo boneti itsegulidwe.

Nambala ya m'magazini nayonso ifunsidwe mafunso

Musanadziimbe mlandu, dziwani kuti manambala ena otchuka a nthawi imeneyo sanachokere ku galimoto ngati imene munthu wamba ankagula. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Pontiac GTO ya 1964. Magazini ya Car and Driver ya March chaka chimenecho inalemba kuti GTO inatha mtundawu m'masekondi 13.1 pa liwiro la 115. GTO yogulitsidwa inali ndi injini ya 389 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch), ndipo yamphamvu kwambiri, ya makabureta atatu, ankailemba kuti ili ndi horsepower 348. Yesani kasamu ka Hale: galimoto ya mapaundi cha m'ma 3,700 kuti ifike pa 115 imafunika horsepower yoposa 430. Patapita zaka zambiri, Jim Wangers, amene ankatsatsa malonda a Pontiac, anavomera yekha kuti m'galimoto imene inayesedwayo anaikamo injini ya 421, yomwe kunja kwake imafanana ndi 389. Mwini GTO ya 389 amene akuvutika maganizo kuti bwanji sakufika pa 13.1 akuthamangitsa chinthu chimene galimoto yake sinachitepo.

Manambala ena ndi oona, koma muonenso amene anali pa chiwongolero. Road Runner ya 440 Six Barrel ya pakati pa 1969 imakumbukiridwa ndi 12.91 pa liwiro la 111.8. Woyendetsa anali Ronnie Sox, katswiri wa mpikisanowu amene ankadziwika ndi dzanja lachangu posintha magiya. Galimotoyo inkatuluka ku fakitale ndi difu ya Dana 60 ya 4.10 (propshaft imazungulira ka 4.10 kuti matayala azungulire kamodzi) komanso boneti yopepuka ya fiberglass yochita kunyamula ndi manja. Kuiyerekeza ndi Road Runner ya difu ya 3.23 yoyendetsedwa ndi munthu amene amabwera ku bwalo kawiri pa chaka ndi kudzinamiza.

Kayesedwe nakonso kankasiyana. Magazini ena ankayesa anthu awiri ali m'galimoto pamodzi ndi zida zoyezera zolemera, thanki ili yodzaza. Ena ankayesa ndi dalaivala yekha, atachotsa chosefera mpweya ndi kusintha taimingi. N'chifukwa chake galimoto ya mtundu umodzi mutha kuipeza ndi manambala osiyana ndi sekondi yathunthu m'magazini awiri a chaka chimodzi.

Ndiye pali manambala a horsepower. Mpaka 1971 makampani a ku America ankalemba mphamvu imene amati gross, yoyezedwa injini ili pa benchi, yopanda zambiri zimene imakoka ikakhala m'galimoto. Kuyambira 1972 anasamukira ku net, yoyezedwa injini ili ndi zonse zimene imakokazo. Injini ya 426 Hemi mu 1971 inalembedwa njira zonse ziwiri: 425 gross, 350 net. Injini imodzimodziyo. Komanso manambala ena ankachepetsedwa dala. 428 Cobra Jet anailemba kuti 335, nambala yomwe ambiri sanaikhulupirire, makamaka Al Joniec atapambana nayo m'gulu la Super Stock pa Winternationals ku Pomona mu 1968, mpikisano wa NHRA, bungwe loyendetsa mipikisano ya drag ku America. Buick GS Stage 1 ya 1970 inalembedwa 360 yokha, pomwe LS6, injini ya 454 yamphamvu kwambiri ya Chevelle, inali 450 ndipo Hemi 425, koma Motor Trend inaithamangitsa 13.38 pa liwiro la 105.5. Mphamvu yake yokokera, 510 lb-ft, imabwera injini ikungozungulira 2,800 pa mphindi. Amene amasanja magalimotowa potengera nambala ya pa chomata cha chosefera mpweya adzakhala akudabwa mpaka kalekale.

Mafiti 60 akakhala oipa

Apa ndi pamene pamathera nthawi ya anthu ambiri, ndiye tikhalitsepo. Pa matayala a mumsewu a mtundu wakale, nthawi ya 2.0 mpaka 2.2 ndi yabwino. Ikamafika 2.4 kapena 2.5, pali vuto. Ndipo kachigawo kamodzi mwa khumi ka sekondi kamene mwapulumutsa m'mafiti 60 kamabala kachigawo ndi theka, mwina tiwiri, pa ET.

Mafakitale a ku Detroit ankaika injini zoopsa pamwamba pa matayala opyapyala a bias-ply, monga Goodyear Polyglas, ndipo kulemera kwambiri kunali kutsogolo. Mukaponda moto wonse nthawi imodzi, kumbuyo kumangopala ngati pikiapu yopanda katundu pa chitunda cha matope m'dzinja. Utsi umakoma m'maso, koma wotchi ikuwerenga.

Yambani ndi zosalira ndalama. Tayala la zaka khumi, ngakhale mizere yake ikuoneka yatsopano, labala wake amakhala atauma ndipo sagwira. Pa nkhani ya mpweya wa m'tayala, ambiri amaganiza kuti kuphwetsa kwambiri ndiye kugwira. Zimenezo n'za matayala osalala a mpikisano. Tayala la mumsewu mukaliphwetsa mopitirira, pakati pake pamalowa m'kati n'kumagunda pansi ndi m'mbali mokha. Lizungulitseni pang'ono pamalo oyesera, mutsike mukaone mkwasa umene lasiya: ukada m'mbali n'kuyera pakati, wonjezani mpweya, ukada pakati pokha, chepetsani. Mukufuna mkwasa wakuda mofanana kuchokera mbali ina kufika inayo. Ndipo ngati matayala anu ali ndi mizere, kadziwe ka madzi konyowetsera matayala osalala, kamene mumakapeza musanafike pa mzere woyambira, kalambalaleni. Madzi amabisala m'mizeremo ndi m'mamadigadi n'kumadontha pamene mukufuna kunyamukira, kuvutitsa inu ndi amene akubwera pambuyo panu.

Muonenso kuti mikwasa ndi ingati. Ukakhala umodzi, wa kumanja, ndiye kuti difu ikupereka mphamvu ku tayala limodzi. Kuzungulira kwa propshaft kumapeputsa tayala lakumbuyo la kumanja ponyamuka, ndipo difu wamba imatumiza kuzungulira konse ku tayala lopepukalo. Difu yogwira matayala onse awiri kampani iliyonse inkaitcha dzina lake: Positraction kwa Chevrolet, Safe-T-Track kwa Pontiac, Sure-Grip kwa Dodge ndi Plymouth, Traction-Lok kwa Ford. Koma kukhala nayo sikutanthauza kuti ikugwirabe ntchito. Timbale ta m'kati mwake timatha, ndipo difu ya zaka 50 imene sinatsegulidwepo nthawi zambiri imakhala itasanduka difu wamba.

Vuto loopsa kwambiri ndi kudumphadumpha kwa matayala akumbuyo. Mumalimva thupi lonse: galimoto imanjenjemera, dashibodi kuchita phokoso, kumbuyo kukugunda pansi motsatizana. Zikayamba, chotsani phazi msanga. Musalimbane nazo poganiza kuti zisiya zokha, chifukwa kugunda kulikonse kumamenya mano a difu, ekiselo ndi majoini a propshaft, ndipo chimodzi mwa izi chimathyoka.

Gwero lake limatengera mmene kumbuyo kwa galimotoyo kunapangidwira. Mustang, Camaro, Nova ndi magalimoto a Dodge ndi Plymouth ali ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Ponyamuka, chikhokhombe cha difu chimafuna kutembenuka, mphuno yake kuloza m'mwamba, ndipo chimapinda theka lakutsogolo la sipuling'i. Sipuling'i ikapindika mokwanira imabwerera mwamphamvu, tayala limadumpha, likatera limagwira, n'kuyambiranso. Camaro ya 1967, yomwe inali ndi sipuling'i ya chitsulo chimodzi, inatchuka ndi matendawa, mwakuti mu 1968 Chevrolet inaika shokapu imodzi kutsogolo kwa ekiselo ina kumbuyo, ndipo zamphamvu inazipatsa masipuling'i a zitsulo zingapo. Mankhwala akale ndi zitsulo zija amati traction bar, zomangidwa pansi pa sipuling'i, zokhala ndi kalabala kumapeto. Kalabalako kazigunda pa diso lakutsogolo la sipuling'i kapena pafupi nalo kwambiri. Kakamagunda pakati pa sipuling'i kamaipinda n'kuiononga. Magalimoto a Chrysler, omwe ndi Dodge ndi Plymouth aja, anabadwa ndi mwayi pa nkhaniyi, chifukwa theka lakutsogolo la sipuling'i zawo ndi lalifupi komanso lolimba, ndipo pamwamba pa mphuno ya difu pali kalabala kotchedwa pinion snubber kamene kamagunda pansi pa bodi. Kakatha kapena kakatalikirana kwambiri ndi bodi, kudumpha kumayamba.

Chevelle, GTO, Oldsmobile 442 ndi Buick GS zili ndi masipuling'i opiringiza ndi mikono inayi yogwira ekiselo. Kumeneku yang'anani mabushi. Mabushi asanu ndi atatu a labala wa m'ma 1970 sangagwire kanthu. Mikono yapansi ikhale yotsekedwa mbali zonse kuti isapindike, monga inkabwerera pa magalimoto a sasipenshoni yolimba. Njira ina yakale yotsika mtengo ndi kuika kathumba ka mpweya m'kati mwa sipuling'i ya kumanja, kuti tayala lopepuka lija likanikizidwe pansi. Ndipo pa magalimoto onsewa, amene anakweza kumbuyo ndi mashokapu a mpweya kuti galimoto izioneka yolusa, adziwe kuti akuitana kudumphaku okha.

Zonsezi zikakhala bwino, chatsala ndi phazi. Pa giyabokosi ya otomatiki, monga TH400, C6 kapena TorqueFlite 727, nyamukani injini ili pamwamba pang'ono pa sailensi, mupondereze moto mofulumira koma mosalala, osati kumenya. Pa ya magiya anayi, monga Muncie, Toploader kapena A833, kukweza injini mpaka 4,000 n'kutaya kilatchi kumangopsereza matayala. Yambirani cha m'ma 2,000, mutulutse kilatchi mwachangu koma moiperekeza, ndipo moto wonse ubwere galimoto itayamba kale kuyenda.

Ena akatopa amangogula matayala osalala a mpikisano. Mafiti 60 amatsikadi mpaka 1.7 kapena 1.8. Koma walira mvula walira matope: mphamvu imene inkathawira mu utsi tsopano yonse ikudutsa mu kilatchi, propshaft ndi maekiselo akale. Komanso kuyambira pamenepo musamayerekezenso nthawi yanu ndi ya m'magazini, chifukwa mwasintha chinthu chachikulu kuposa zonse.

Pali vuto lina lotsutsana ndi kupala, lomwe limaonekanso pa mafiti 60. Mukaponda moto, injini imachita ngati yatsamwa, galimoto kugwa mphuno, kenako n'kudzidzimuka. Apa mpweya walowa wambiri petulo asanafike. Pa kabureta ya Quadrajet, kasipuling'i ka zitseko zapamwamba za mabowo akumbuyo kamakhala katamasuka, kapena kachipangizo ka vakyumu kamene kamachedwetsa zitsekozo kabooka. Pa kabureta ya Holley, onani kapampu kothira petulo poponda moto, ndi kasipuling'i ka mabowo akumbuyo ngati ndi otsegulidwa ndi vakyumu. Anthu amakonda kuika kofewa kwambiri chifukwa amamva kukankha mabowowo akatseguka, osadziwa kuti kukankhako ndi injini ikudzuka itatsamwa. Mabowo akumbuyo akamatseguka bwino simumva n'komwe. Galimoto ikamanyamuka mwamphamvu, petulo wa m'kabeseni kakumbuyo ka Holley amathamangira kumbuyo n'kusiya majeti pouma. Pali timapaipi totalikitsa majeti tothana ndi zimenezi. Makabureta atatu a 440 Six Barrel nawonso awiri akunjawo amatsegulidwa ndi vakyumu, ndipo amafuna kuleza mtima komweko.

Liwiro lomalizira likakhala lotsika

Tsopano boneti itsegulidwe, koma sipanala yaikulu isagwiridwe kaye. Injini itazimitsidwa, chotsani chosefera mpweya, mnzanu aponde moto mpaka pansi, inu musuzumire m'kabureta. Zitseko zonse ziime chilili. Kapeti yatsopano yokhuthala, kebulo yotamuka kapena kachitsulo kopindika zimabera galimoto mamailosi angapo pa ola, ndipo zimapezeka kawirikawiri kuposa mmene mungaganizire. Pa TorqueFlite, mukakhudza zimenezi muchunenso kachitsulo kopita ku giyabokosi, chifukwa n'kamene kamalamulira mphamvu ya oyilo m'katimo, ndipo kakalakwika giyabokosi imapsa.

Chachiwiri ndi taimingi. Musangoiona pa sailensi. Chotsani kapaipi ka vakyumu ka pa disitibyuta, mukweze injini kufika cha m'ma 3,000, muone taimingi yonse. Injini zambiri zazikuluzi zimakonda pakati pa madigiri 34 ndi 38. Tizitsulo ta m'disitibyuta timachita dzimbiri n'kumakanirira. Komanso chizindikiro cha pa pule yakutsogolo chimanama: mkombero wakunja umakhala pa labala, labalayo akakalamba mkomberowo umasendera. Tsimikizani kaye pomwe pisitoni yoyamba imafika pamwamba penipeni.

Kenako yerekezani liwiro la pa mafiti 660 ndi lomalizira. Galimoto ya masekondi 13 imawonjezera mamailosi 20 pa ola kapena kupitirirapo pang'ono m'theka lachiwirili. Ikamangowonjezera 14 kapena 15, ndipo mukumva ikufooka kumapeto kwa giya yachiwiri kapena m'kati mwa yachitatu, ganizirani petulo. Kabeseni ka Quadrajet n'kakang'ono, sikachedwa kuuma. Kasefa ka m'thanki, kafyuluta ka pakhomo la kabureta, paipi ya labala yofewa imene imaphwatalala pampu ikamakoka, kabowo kopumira thanki kotsekeka, zonsezi zimabisala mukamayenda m'tauni n'kudzaonekera pa mafiti 900. Geji ya mphamvu ya petulo imathetsa mkangano, koma imangiriridwe kunja, patsogolo pa galasi. Paipi ya petulo isalowe m'kati momwe mwakhala.

Injini ikamathethetsa kapena kukana kukwera ikafika pa nambala imodzimodzi m'giya iliyonse, si petulo ayi. Amakhala mapointi a m'disitibyuta akudumpha, kapena masipuling'i a mavavu atatopa. LS6, komanso Hemi ya 1966 mpaka 1969, ili ndi matapeti ofunika kuchuna mpata wake nthawi ndi nthawi. Hemi inalandira matapeti a oyilo mu 1970.

Muganizirenso petulo wa masiku ano. LS6 inapangidwa ndi kompuleshoni ya 11.25 kwa 1, Hemi 10.25, nthawi imene petulo wa mtovu wa octane yokwera ankapezeka pa filing'i siteshoni iliyonse ku America. Kuti injinizi zisamagogode ndi petulo wa lero, eni ake ambiri anabweza taimingi m'mbuyo, ena pokonzanso injini anaika mapisitoni a kompuleshoni yotsika. Ndi nzeru yabwino yosungira injini, koma mphamvu ina imapita nayo. Ngati simukudziwa zimene zili m'kati mwa injini yanu, mwina mukuyerekeza injini ya 9 kwa 1 ndi ya 11.25. Mukafuna kubwezeretsa taimingi, thirani kaye petulo wa octane yokwera, ndipo muzichotsa mapulagi kuona ngati pali timadontho ta chitsulo, popeza kugogoda simungakumve mutavala helimeti.

Posinthira giya pamasiyananso. LS6 imatulutsa mphamvu yake yonse pa 5,600, Stage 1 pa 4,600. Kukokera Buick kufika 6,000 chifukwa wa Chevelle amatero ndi kutaya nthawi komanso kuika injini pa ngozi. Yesani kusintha giya msanga ndi 300, muone chimene kapepala kanene.

Kulemera n'kosavuta: mapaundi 100 aliwonse, omwe ndi makilogalamu 45, amadya pafupifupi kachigawo kamodzi mwa khumi ka sekondi. Mabwalo ambiri ali ndi sikelo, kwezanipo galimoto.

Difu nayo ili ndi kasamu kake. Chulukitsani liwiro ndi nambala ya difu, muchulukitsenso ndi 336, mugawe ndi kutalika kwa tayala m'mainchesi. Pa liwiro la 105 ndi tayala la mainchesi 26.5, difu ya 3.55 imamalizitsa injini pa 4,700, ya 4.10 pa 5,450. Kwa LS6 yachiwiriyi ndiyo yoyenera. Kwa Buick yoyambayo ili pafupi ndi kwawo. Ford inkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake wogula Drag Pack, zida zake zowonjezera za mpikisano wa drag, ankalandira 3.91 kapena 4.30. Musadalire kachitsulo ka nambala ka pa difu, chifukwa m'zaka 50 anthu asinthamo zambiri. Kwezani kumbuyo, muzungulitse matayala onse awiri kamodzi, muwerenge kuti propshaft yazungulira kangati.

Galimoto yomweyo, masiku osiyana

Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 aliwonse a mphamvu yake pa mafiti 1,000 aliwonse okwera, ndipo kutentha ndi chinyezi zimachita chimodzimodzi. Bwalo la Bandimere pafupi ndi Denver, lomwe linali pa mafiti pafupifupi 5,800, linkachedwetsa galimoto iliyonse, ndipo NHRA ili ndi manambala owongolera nthawi za m'mabwalo okwera chotere. Amene munaonerapo mipikisano ku Tarlton kufupi ndi Krugersdorp ku South Africa, pamtunda wopitirira mamita 1,500, musadabwe kuona V8 ikulephera nthawi imene inzake ikutenga ku Santa Pod ku England. Kumtunda kotero kabureta yochunidwira kunyanja imathiranso petulo wochuluka kuposa mpweya umene ulipo, ndiye majeti amafunika kuchepetsako.

Ngakhale pa bwalo limodzi, usiku wozizira ndi masana otentha zimasiyana ndi tizigawo tiwiri kapena titatu. Injini yotentha chifukwa chodikira pa mzere imachedwa. Itsegulireni boneti ipume, ndipo muzinyamuka geji ya kutentha ili pamalo amodzi nthawi zonse. Kaimidwe ka pamzere woyambira nakonso kamalowa mu ET. Mukaima getsi lachiwiri, losonyeza kuti tayala lafika pamzere, litangoyaka kumene, tayala limakhala ndi mainchesi angapo oyenda wotchi isanayambe, ndipo nthawi imatsika. Mukalowa kwambiri, mwayi umenewo mwautaya. Muziima chimodzimodzi ulendo uliwonse.

Khalani ndi kabuku. Lembani kutentha kwa kunja, mphepo, mpweya wa m'matayala, taimingi, posinthira giya, mbali ya msewu imene munathamangira. Muzisintha chinthu chimodzi chokha, muthamange kangapo, kenako muweruze. Wosintha majeti, taimingi ndi matayala tsiku limodzi sadziwa chimene chamuthandiza ndi chimene chamubweza m'mbuyo.

Wofuna kudziwa zoona za Hemi, LS6, Stage 1 ndi Cobra Jet azitsatira zotsatira za Pure Stock Muscle Car Drag Race m'boma la Michigan. Kumeneko magalimotowa amathamanga tsiku limodzi, pa bwalo limodzi, mumpweya umodzi, ali ndi zida za mtundu wa ku fakitale ndi matayala a kukula pafupifupi kofanana ndi kwa ku fakitale. Ambiri amathamanga mwachangu kuposa mmene magazini a 1970 analembera, chifukwa msewu wake ndi wokonzedwa kuti uzigwira ndipo eni ake anatha zaka akuchuna tinthu tating'onoting'ono tatchulidwa pamwambapa. Kuyerekeza kotero ndiko ine ndimakukhulupirira.

Nthawi ikayamba kutsika, malamulo a chitetezo amayamba kukukhudzani. Ku mabwalo a NHRA, galimoto ikafika 13.99 helimeti ndi yokakamiza, ndipo yakale ngati izi ikafika 11.49 imafunika chitsulo chotchinjiriza dalaivala ikagubuduzika. Mukaika matayala osalala, ikaninso mkombero wachitsulo wogwira propshaft kutsogolo, chifukwa ikathyokera kumeneko imazika pansi galimoto ili pa liwiro. Mabuleki musawaiwale: ambiri mwa magalimotowa ali ndi madiramu, ndipo opangidwa 1967 isanafike nthawi zambiri ali ndi masitala silinda ya njira imodzi, yoti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse anayi amatha. Muione musanapite ku bwalo, ndipo zoyesa zonsezi zichitikire ku bwaloko, osati mumsewu umene mukuyenda anthu.